Malaputopu opyapyala ndi opepuka: mafunso ndi mayankho

Malaputopu akayalidwa pamodzi, maso amayamba athamangira ku ija yopyapyala, yonyezimira, imene ukaigwira imazizira m'manja. Za pulosesa (ubongo wa kompyuta) ndi batire munthu amafunsa pambuyo, mtima utagwa kale. Makampani amaidziwa bwino nkhani imeneyi, n'chifukwa chake kwa zaka zambiri akhala akulimbirana mamilimita ndi magalamu. M'munsimu muli mafunso amene amabwera kawirikawiri pa nkhaniyi.

Kodi ndi Apple imene inayambitsa malaputopu opyapyala?

Ayi. Ambiri amaganiza choncho chifukwa cha zimene zinachitika mu Januwale 2008 ku San Francisco, pamene Steve Jobs, mkulu wa Apple pa nthawiyo, anasolola MacBook Air yoyamba mu envelopu wamba ya mu ofesi anthu akuonerera. Koma makampani a ku Japan anali atayamba kalekale. Toshiba, imene mu 1985 inatulutsa T1100 yolemera pafupifupi makilogalamu 4, inadzakhala ndi gulu lonse la malaputopu ang'onoang'ono otchedwa Portégé. Sony inatulutsa VAIO 505 ya thupi la magineziyamu mu 1997, kenako mu 2003 n'kubwera ndi VAIO X505 imene sinkakwana n'komwe kilogalamu imodzi. Kungoti zinali zodula kwambiri, ndipo ozigula anali ochepa.

Chimene Apple inachita ndi kulimba mtima n'kutaya zinthu zimene aliyense ankaona ngati laputopu singakhale popanda izo. MacBook Air ija inalibe poika DVD, inalibe bowo la waya wa intaneti, ndipo bowo la USB linali limodzi lokha. Inkalemera makilogalamu 1.36, kumbuyo inali yokhuthala mamilimita 19 koma n'kumapita ikusongoka mpaka mamilimita 4 kutsogolo. Kunena zoona, sinali kompyuta yabwino kwenikweni: inkachedwa chifukwa cha kahadi disiki kakang'ono kamene anaikamo, inkatentha, ndipo mtengo wake unali wokwera. Patangopita milungu yochepa Lenovo inatulutsa ThinkPad X300, yopepuka mofanana koma yokhala ndi DVD ndi mabowo atatu a USB, ndipo anthu ambiri ogwira ntchito m'maofesi ankaiona kuti ndiyo yanzeru. Imene inasinthadi zinthu ndi MacBook Air ya mu 2010, imene inasiyiratu hadi disiki n'kuyamba kusunga zinthu pa SSD basi, kachipangizo kothamanga kopanda chozungulira mkati. Kuchokera pamenepo makampani ena sakanachitiranso mwina.

Nanga dzina loti Ultrabook linachokera kuti?

Ndi la Intel, kampani yopanga mapulosesa. Mu 2011, pa chionetsero cha Computex ku Taipei, Intel inalengeza mtundu wa malaputopu a Windows oti azikhala opyapyala, azidzuka msanga ukatsegula chivindikiro, ndiponso batire lake lizikhalitsa. Kampani yofuna kugwiritsa ntchito dzinalo inkayenera kutsatira malire a Intel, mwachitsanzo laputopu isapitirire mamilimita 21 kukhuthala kwake. Intel inaikanso padera madola 300 miliyoni othandizira makampani opanga zipangizo zoyenera malaputopu oterewa. Sichinali chifundo ayi. iPad inali itangotuluka mu 2010, inalibe pulosesa ya Intel, ndipo panali mantha akuti anthu asiya kugula malaputopu.

Oyamba kutuluka anali Asus Zenbook, Acer Aspire S3, Toshiba Portégé Z830 ndi Lenovo IdeaPad U300s. Masiku ano dzinali silimvekanso kwenikweni, chifukwa pafupifupi laputopu iliyonse yabwino inafika pa malire aja. Kuyambira 2020 chizindikiro chimene Intel imamata pa malaputopu oterewa ndi Evo.

Bwanji malaputopu ambiri amangofanana, onse otuwa ngati siliva?

Zifukwa zake n'zingapo ndipo kuonerana ndi chimodzi chabe. Laputopu ikamapyapyala, wojambula mapulani ake amatsala ndi malo ochepa oseweretsa nzeru. Sikirini ndi ya makona anayi, kiyibodi iyenera kukwana zala za munthu, batire limatenga malo ambiri kutsogolo pansi pa zikhatho, bolodi (pamene pamakhala pulosesa ndi tizipangizo tina) ndi fani zimapita kumbuyo kufupi ndi mahinjesi. Aliyense akatsatira zimenezi amafika pa chinthu chofanana.

Chachiwiri, dzina lolembedwa pa chivindikiro nthawi zambiri si la amene anaimanga. Malaputopu ambiri padziko lapansi amapangidwa ndi makampani ochepa a ku Taiwan monga Quanta, Compal, Wistron ndi Inventec, amene amalandira ntchito kuchokera ku makampani opikisana okhaokha. Masikirini, mabatire ndi mapulosesa amachokeranso kwa ogulitsa ochepa omwewo.

Koma kuonerana kulipo ndithu, tisabise. Apple itayamba mu 2008 kusema thupi la MacBook kuchokera ku chibuma chimodzi cha aluminiyamu, mtundu wa siliva ndi kiyibodi yakuda unasanduka chizindikiro cha laputopu yapamwamba, ndipo kampani yoopa kuluza imasankha chimene ogula azolowera kale.

Alipo amene anakana. ThinkPad idakali bokosi lakuda lokhala ndi kachinthu kofiira pakati pa kiyibodi, monga mmene Richard Sapper anaiganizira pamene inkatuluka mu 1992 ili m'manja mwa IBM. Lenovo itagula bizinesiyo mu 2005 sinasinthe maonekedwewo, inangowapyapyalitsa, ndipo X1 Carbon ya mu 2012 ndi umboni wake. HP inayesa mtundu wakuda wosakaniza ndi wa kopa pa Spectre. Microsoft inakuta kiyibodi ya Surface Laptop ndi nsalu ya Alcantara, yokoma kuigwira ikadali yatsopano koma yosachedwa kuda pamene pamakhala zikhatho. Ine ndimaona kuti ThinkPad ndiyo inapambana pa nkhani ya maonekedwe, chifukwa ungaizindikire uli patali ngakhale dzina litaphimbidwa.

Kupyapyala ndi kupepuka si chinthu chimodzi?

Si chimodzi, ndipo phewa lanu limadziwa kusiyana kwake. M'chikwama, mamilimita awiri kapena atatu simuwamva n'komwe, koma magalamu 400 mumawamva mukayenda nayo tsiku lonse. LG inamanga gulu lake lonse la Gram pa mfundo imeneyi: ya mainchesi 13 ya mu 2014 inkalemera magalamu 980, ndipo pambuyo pake anatulutsa ya mainchesi 17 yosafika kilogalamu imodzi ndi theka, ngakhale sinali yopyapyala kuposa anzake. Fujitsu inafika pa magalamu 634 ndi laputopu ya mainchesi 13.3. Komano malaputopu ena opyapyala kwambiri a aluminiyamu amadutsa makilogalamu 1.3.

Chenjeraninso ndi mmene amayezera. Laputopu yosongoka kutsogolo amakonda kuitchula ndi nambala ya pamene yapyapyala kwambiri, ndipo timapazi ta labala ta pansi nthawi zambiri satiwerengera. M'mphepete amasemamo mokhota kuti diso lione kamzere kakang'ono pamene mimba ya laputopuyo yabisala pansi. Ndipo pa kulemera, tchaja saiwerengera. Laputopu yopepuka yokhala ndi chitchaja chachikulu yakupusitsani.

Thupi labwino ndi la chiyani: aluminiyamu, magineziyamu, carbon fibre kapena pulasitiki?

Chilichonse chili ndi pake. Aluminiyamu ndi yolimba, sipindika wamba, imathandiza kumwaza kutentha, ndipo ndi imene imapatsa munthu maganizo akuti wagwira chinthu chodula. Koma ikagwa imalowa mkati pakona ndipo sibwereranso, komanso ikatentha mkati mumaimva pamiyendo. Magineziyamu ndi yopepuka kuposa aluminiyamu ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, n'chifukwa chake malaputopu ambiri opepukitsitsa amaigwiritsa ntchito. Vuto lake n'lakuti m'manja imamveka ngati pulasitiki, ndipo chivindikiro chake chimagonja ukachikanikiza, moti anthu ena amaibweza poganiza kuti ndi yachabechabe pamene ndi yodula kupanga. Carbon fibre, yopangidwa ndi ulusi wa kaboni womatidwa pamodzi, ndi yolimba ndiponso yopepuka, sizizira kapena kutentha m'manja, koma imasunga zidindo za zala ndipo mtengo wake ndi wokwera.

Pulasitiki anthu amangoinyoza. Yopangidwa bwino imapirira kugwa kuposa mmene ambiri amaganizira, ndipo sitchinga Wi-Fi. Malaputopu achitsulo amachita kuwasiyira kampata ka pulasitiki kapena kubisa mawaya a Wi-Fi cha ku mahinjesi kuti netiweki idutse.

Kodi laputopu yopyapyala imakhala yofooka pa ntchito?

Apa ndiye pagona nkhani. Pulosesa iliyonse ikamagwira ntchito imatulutsa kutentha molingana ndi magetsi amene ikudya. Kutenthako kumatengedwa ndi timapaipi ta kopa tokhala ndi timadzi pang'ono mkati, n'kukakutula pa timasamba tachitsulo pamene fani imapemerera mpweya kuti kutuluke. Thupi likapyapyala, timapaipito timaphwatalala, timasambato timachepa, ndipo fani imakhala yaing'ono. Fani yaing'ono kuti ikankhe mpweya wokwanira iyenera kuzungulira mothamanga kwambiri, ndiye mumamva kaphokoso kosongoka kaja kolowa m'makutu. Ikalephera, pulosesa imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse.

Zotsatira zake n'zakuti malaputopu awiri onse olembedwa Core i7 (dzina la gulu la mapulosesa a Intel) akhoza kusiyana kutalitali. Ina ili ndi pulosesa ya mawati 15 yopangidwira thupi lopyapyala, ina ya mawati 45 yofuna mafani awiri. Ngakhale pulosesa itakhala yofanana ndendende, kampani iliyonse imasankha yokha kuti iilole kudya magetsi ochuluka bwanji ndiponso kwa nthawi yaitali bwanji. Yopyapyala imathamanga bwino mphindi yoyamba, potsegula mapulogalamu ndi masamba a pa intaneti, chifukwa thupi likadali lozizira. Ipatseni ntchito yolemera ya mphindi khumi kapena makumi awiri, monga kukonza vidiyo, muona liwiro likutsika pang'onopang'ono chitsulo chikutentha pamwamba pa kiyibodi.

Kodi zimenezi zikukukhudzani? Ngati ntchito yanu ndi kulemba, maimelo, ma spreadsheet, misonkhano ya pa vidiyo ndi kuonera mafilimu, mwina simudzaziona n'komwe. Ngati mumakonza mavidiyo, kujambula mapulani a nyumba kapena kusewera magemu akuluakulu, mamilimita asanu owonjezera ndi abwenzi anu. Opanga malaputopu a magemu nawo analowa mu mpikisanowu, makamaka Nvidia, kampani yopanga zipangizo zoyendetsa zithunzi za magemu, itabweretsa Max-Q ya malaputopu opyapyala mu 2017, koma njira yake inali yomweyo: kuchepetsa magetsi amene chipangizo chikudya, ndipo mphamvu nayo n'kutsikako.

Nanga batire?

Batire limafuna malo, palibe matsenga. Malaputopu opyapyala ambiri amakhala ndi batire la pakati pa 50 ndi 70 Wh (muyezo wa magetsi amene batire limasunga), ndipo amakhalitsa chifukwa pulosesa yawo imadya pang'ono, osati chifukwa batirelo ndi lalikulu. Malire apamwamba amaikidwa ndi malamulo a ndege: batire lopitirira 100 Wh silikwera popanda chilolezo chapadera, n'chifukwa chake ngakhale malaputopu akuluakulu amaima pa 99 ndi kadontho. Maola amene kampani imalemba pa bokosi amawapeza poonetsa vidiyo sikirini itachepetsedwa kuwala. Anu adzakhala ochepa kuposa pamenepo.

N'chifukwa chiyani anthu amadandaula za makiyibodi a malaputopu opyapyala?

Chifukwa batani limafuna malo oti litsikire, ndipo malo amenewo ndi oyamba kubedwa. Malaputopu akale anali ndi mabatani otsika mamilimita awiri kapena kuposa. Ambiri a masiku ano ali pakati pa 1 ndi 1.5. Malowo akachepa kuposa pamenepo, zala zimangomenya pouma ndipo zimatopa msanga.

Nkhani yodziwika kwambiri ndi ya Apple. Mu 2015 inatulutsa MacBook ya mainchesi 12, yokhuthala mamilimita 13.1, yolemera magalamu 920, yopanda fani, yokongola zedi. Kuti afike pamenepo anapanga kiyibodi yatsopano yotchedwa butterfly, imene mabatani ake ankangotsika pang'ono kwambiri, ndipo chaka chotsatira anaiikanso mu MacBook Pro. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Kafumbi kapena kanyenyeswa kakalowa pansi pa batani, batanilo linkakanirira, kapena kulemba chilembo kawiri, kapena osalemba n'komwe. Choipa kwambiri chinali chakuti kiyibodiyo inali yokhomereredwa ku thupi, batire litamatidwa pomwepo, moti batani limodzi likafa ankasintha chigawo chonse chapamwamba. Mu 2018 Apple inayamba kukonza makiyibodiwa kwaulere, pofika 2020 inali itawasiyiratu, ndipo mu 2022 inavomera kulipira madola 50 miliyoni pa mlandu umene ogula anaisumira ku United States. Zonsezi pofuna kupulumutsa malo osakwana milimita imodzi.

Mabowo olumikizira zinthu anapita kuti?

Ena sakwananso. Bowo la waya wa intaneti ndi lalitali kuposa m'mphepete mwa malaputopu ambiri a masiku ano, ndipo la USB yakale ija limangokwana movutikira. Koma ena anachotsedwa dala kuti m'mbali muzioneka mosalala. MacBook Pro ya mu 2016 inangotsala ndi USB-C ndi bowo la mahedifoni, makampani ena n'kutsatira, ndipo anthu anayamba kuyenda ndi timabokosi ndi timawaya tolumikizira pulojekita, flash ndi khadi la kamera. Kulemera kumene kunachoka pa laputopu kunangosamukira m'thumba la chikwama. Mu 2021 Apple yomweyo inabwezeretsa bowo la HDMI lolumikizira TV kapena pulojekita, polowetsa khadi la SD ndi tchaja ya maginito, laputopuyo n'kukhuthalako, ndipo ogula anaombera m'manja.

USB-C payokha ndi yabwino. Waya umodzi umatchaja, kutumiza zithunzi ku sikirini ina ndi kunyamula mafayilo, ndipo tchaja imodzi ikhoza kutumikira foni ndi laputopu. European Union inalamula kuti kuyambira Epulo 2026 malaputopu atsopano ogulitsidwa kumeneko azitha kutchajidwa ndi USB-C. Chosokoneza n'chakuti mabowo onse a USB-C amaoneka mofanana pamene ntchito zake n'zosiyana: lina limatchaja, lina ayi, lina limatulutsa zithunzi, lina ndi Thunderbolt yothamanga kwambiri. Werengani bwino musanagule.

Bwanji kamera ya laputopu yodula imaposedwa ndi ya foni wamba?

Chivindikiro cha laputopu n'chopyapyala kuposa foni, ndiye kamera yabwino ilibe pokhala. Zinafika poseketsa pamene mpikisano unasamukira ku kuchepetsa mkombero wakuda wozungulira sikirini. Dell XPS 13 ya mu 2015 inachepetsa mkomberowo mochititsa kaso, koma kamera inasowa malo pamwamba n'kutsikira pansi pa sikirini, moti wolankhula naye ankakuonerani m'mphuno ndi kuona zala zanu zikulemba. Huawei mu 2018 inabisa kamera mu batani la pa kiyibodi, vuto n'kukhala lomwelo. Dell inaibwezera pamwamba mu 2019 itapeza kakamera kakang'ono kwambiri. Mliri wa COVID-19 utakhazika anthu pa misonkhano ya pa vidiyo mu 2020, m'pamene makampani anakumbukira kuti kamera ili ndi ntchito.

Kodi ingakonzedwe, kapena kuwonjezeredwa RAM?

Funsani funso limeneli musanalipire, chifukwa pa malaputopu opyapyala ambiri yankho ndi ayi. RAM, imene kompyuta imasungiramo kwakanthawi zimene ikugwira pa nthawiyo, amaiwotcherera pa bolodi. Pali chifukwa chomveka: RAM ya mtundu wa LPDDR, imene imadya magetsi ochepa, imafuna kukhala pafupi kwambiri ndi pulosesa, ndipo mpaka posachedwa inalibe njira yochita kuzika ndi kuzula. Koma kwa inu tanthauzo lake n'lakuti RAM imene mwagula nayo ndi imene mudzakhale nayo mpaka laputopuyo idzathe. Pa MacBook zonse za masiku ano ngakhale SSD ndi yowotcherera. Pa malaputopu ambiri a Windows SSD imachoka, ndipo zimenezo zimapulumutsa mafayilo anu bolodi ikafa.

Surface Laptop yoyamba ya mu 2017 inapatsidwa 0 pa 10 ndi iFixit, kampani imene imaphwasula zipangizo kuti ione ngati zingakonzedwe, chifukwa panalibe njira yoitsegula popanda kuiwononga. Microsoft inamva, ndipo kuyambira 2019 inayamba kumanga ndi masikuluwu. Mu 2021 kampani yaing'ono yotchedwa Framework inatulutsa laputopu yokhuthala pafupifupi mamilimita 16, yolemera makilogalamu 1.3, imene RAM, SSD, batire, kiyibodi, sikirini, ngakhale mabowo a m'mbali mwiniwake amasintha yekha ndi sikuludiraiva imodzi. iFixit inaipatsa 10 pa 10. Kwa ine zimenezi zinaonetsa kuti guluu wambiri amene ali m'malaputopu ndi chosankha cha kampani, osati lamulo la kupyapyala. Mu 2024 kunabweranso RAM yatsopano yotchedwa LPCAMM2, yodya magetsi ochepa koma yomanga ndi masikuluwu, ngakhale malaputopu okhala nayo akadali ochepa.

Ndiye mpikisanowu anapambana ndani?

Wa mamilimita unafika pachimake pakati pa 2016 ndi 2018. HP Spectre 13 inafika pa 10.4, Acer Swift 7 n'kutsika pa 9.98, kenako pa 8.98. Palibe mwa izi imene inasintha msika. Dell Adamo XPS inali itafika kale pa 9.99 mu 2009 n'kuzimiririka mwakachetechete. MacBook ya mainchesi 12 ija inasiya kupangidwa mu 2019. Ndipo makampani a ku Japan amene anayambitsa luso limeneli ambiri anatuluka m'bwalo: Sony inagulitsa VAIO mu 2014, Toshiba inapereka bizinesi yake ya makompyuta kwa Sharp mu 2018 n'kusanduka Dynabook, ndipo gawo lalikulu la ya Fujitsu linapita kwa Lenovo. Amene amagulitsa kwambiri padziko lonse akadali Lenovo, HP ndi Dell, ndipo ndalama zawo zambiri zimachokera ku malaputopu wamba a m'maofesi ndi m'masukulu.

Chimene chinasintha masewera ndi pulosesa. Mu Novembala 2020 Apple inatulutsa MacBook Air yokhala ndi M1, pulosesa imene Apple inakonza yokha, yopanda fani koma yothamanga, batire lake lotha tsiku lonse la ntchito. Thupi lake linali lomwe lija la MacBook Air imene inaitsogolera, sanachotseko milimita ngakhale imodzi. Qualcomm inayankha ndi Snapdragon X mu 2024, Intel ndi AMD nawo n'kuyamba kudzitama ndi maola a batire m'malo mwa liwiro lokha. Pa maonekedwe, nzeru zapita ku zina: masikirini aatali a 16:10 ndi 3:2 oonetsa mizere yambiri, masikirini a OLED oonetsa mitundu bwino, masikirini awiri ngati a Asus Zenbook Duo ndi Lenovo Yoga Book 9i, ndiponso yopindika ngati ThinkPad X1 Fold. Chizolowezi chokongoletsa mopitirira sichinathe ayi. XPS 13 Plus ya mu 2022 inachotsa mabatani a mzere wapamwamba n'kuikapo timagetsi tongokhudza, touchpad n'kuibisa yopanda malire ooneka, ndipo anthu anagawanika pomwepo.

Ndikaigwira m'manja ndiyang'ane chiyani?

Itsekuleni ndi chala chimodzi. Ngati pansi pake pakunyamuka limodzi ndi chivindikiro, mahinjesi ndi olimba mopitirira kulemera kwa thupi, ndipo mudzakhala mukuigwira ndi manja awiri nthawi zonse. Mukatsegula, gwedezani tebulo pang'ono muone ngati sikirini ikunjenjemera. Kanikizani pakati pa kiyibodi, kenako inyamuleni pakona imodzi mumve ngati ikulira. Lembani ndime yathunthu, osati dzina lanu lokha, ndipo yesani mabatani a mivi, chifukwa ndi amene amapanikizidwa kwambiri. Ikani zikhatho pamene mumaziika polemba: m'mphepete mwa aluminiyamu wosemedwa mosongoka mumadya mkono pakapita ola limodzi.

Itembenuzeni. Onani kumene mpweya umalowera, chifukwa ngati ndi pansi pokha, pa bedi kapena pa miyendo idzabanika. Yang'anani ngati pali masikuluwu, ndipo funsani ngati batire lake limapezeka palokha, poti pakapita zaka zitatu kapena zinayi ndi limene lidzayambe kutopa. Mitundu yakuda ndi yabuluu woderako imasunga zidindo za zala ndipo imasupuka m'mphepete mwa mabowo, pamene ya siliva imabisa zokandika. Werengani mabowo muyerekeze ndi zinthu zimene mumalumikiza mlungu uliwonse, ndipo muone ngati tchaja ingalowe mbali zonse ziwiri kapena imodzi yokha. Mukamaliza, pemphani tchaja yake muinyamule pamodzi ndi laputopuyo.